Wapamwamba ndi wapansi: kuonana ndi kubisala m'masewera a nthano a patebulo

Masewera a nthano a patebulo, monga Dungeons & Dragons ndi Pathfinder, amaseweredwa ndi anthu angapo atakhala mozungulira tebulo, aliyense akuyendetsa munthu mmodzi wa m'nthanomo, pamene mmodzi mwa iwo, woyendetsa masewera, amafotokoza dziko, amalamulira adani ndiponso amagamula paliponse pamene malamulo sakumveka bwino. Nkhondo ikabuka m'nthanomo, ambiri amayala pepala logawidwa m'timabokosi, kabokosi kalikonse n'kumaimira mapazi 5, amene ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo papepalapo amaikapo tizidole, kapena zitsekerero za mabotolo ngati tizidole palibe. Dongosololi limayenda bwino malinga ngati aliyense waima pabwalo losalala. Mavuto amayamba pamene wina wakwera pansanja, wina wagona m'mphepete mwa phompho, wina ali m'khwawa, chifukwa pepala lili ndi mulitali ndi mulifupi basi, lilibe msinkhu, chonsecho funso lakuti ndani akuona ndani limadalira kwambiri msinkhuwo.

Munthu wokhala mu Mzuzu safunika kuchita kumuphunzitsa zimenezi. Mzindawu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,250 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo m'madera ngati Masasa, kumene nyumba zinasanjikizana m'mbali mwa zitunda, munthu woima pakhonde la nyumba yakumtunda amaona zonse za pabwalo la mnzake wakumunsi ngakhale bwalolo litazingidwa ndi mpanda wa njerwa, pamene wakumunsiyo akakweza maso amangoona denga ndi mutu wa munthu. Mpanda umene pamalo osalala ukanabisa onse awiri ulibe ntchito kwa wakumtunda. N'zosadabwitsa kuti wa kuno akamajambula mapu a nkhondo ya m'nthano dzanja lake limathamangira ku zitunda, makwawa ndi njira zokhotakhota zokwera phiri, kenako n'kupeza kuti buku la malamulo silikunena zambiri pa malo oterowo.

Gwero la kusowa mawu kumeneku lili m'mbiri ya masewerawa. Makolo ake ndi masewera a nkhondo otchedwa Kriegsspiel, amene asilikali a ku Prussia ankaphunzirira ntchito yawo, ndipo malamulo ake odziwika bwino anatulutsidwa mu 1824 ndi Georg von Reisswitz wamng'ono. Ankasewera pamapu enieni oonetsa mapiri ndi zigwa, ndipo panali woweruza amene ankanena chimene mbali iliyonse ikutha kuona. Gary Gygax ndi Jeff Perren anatulutsa masewera a nkhondo a tizidole otchedwa Chainmail mu 1971, ndipo mu 1974 Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons kudzera m'kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin. Woyendetsa masewera wa lero analowa m'malo mwa woweruza uja. Koma nthano zambiri zoyambirira zinkachitikira m'mapanga ndi m'zipinda za pansi pa nthaka, mmene pansi ndi posalala ndipo makoma amafika kudenga, choncho malamulo oyezera kubisala pa timabokosi, amene anadzakhwima m'mabuku a masewerawa a 2003 ndi 2008, analembedwa poganizira khoma lopanda pamwamba pake, loti palibe amene angalisuzumire.

Munthu asanayambe kuyeza chilichonse, ayenera kulekanitsa mafunso atatu amene osewera amakonda kuwasakaniza mkangano ukatentha. Loyamba n'lakuti kodi diso likufika pa mdaniyo. Lachiwiri n'lakuti kodi muvi, mkondo kapena matsenga zili ndi njira yodutsa. Lachitatu, limene limabwera pokhapokha ngati njirayo ilipo, n'lakuti kodi thupi la mdaniyo latchingika mbali yaikulu bwanji. Mayankho ake sayendera limodzi nthawi zonse. Zenera la galasi lochindikala limalola diso koma limaimitsa muvi, pamene chifunga ngati chimene chimakuta msewu wa ku Chikangawa m'miyezi ya June ndi July chimaimitsa diso koma muvi umangodutsa. M'malamulo a Dungeons & Dragons a 2014, wolasa mdani amene sakumuona amaponya dayisi ya mbali 20 kawiri n'kutenga nambala yaing'ono, chimene mabuku amachitcha disadvantage, ndipo wolasa munthu amene sakuona kumene muvi ukuchokera amaponya kawiri n'kutenga yaikulu. Awiri akakhala m'chifunga chimodzi zinthu ziwirizi zimafafanizana, moti amalasana ngati kuli kowala, bola aliyense akhale atalozera kabokosi kolondola. Ambiri lamuloli limawanyansa, ndipo sindiwaimba mlandu, koma ndi mmene linalembedwera.

Funso lachitatu ndi limene lili ndi manambala. Malamulo a 2014 ali ndi milingo itatu ya kutchingika, ndipo mabuku okonzedwanso a 2024 anaisunga. Chotchinga chikabisa theka la thupi, monga khoma lalifupi, thunthu lochepa la mtengo kapena munthu wina woima pakati, wobisalayo amawonjezera 2 pa nambala yake ya chitetezo, yotchedwa Armor Class, komanso pa dayisi imene amaponya pofuna kuzemba ngozi mwa changu cha thupi. Chikabisa magawo atatu mwa anayi, monga kaboo kolasira mivi ka pakhoma la linga, amawonjezera 5. Chikabisa thupi lonse, sangalasidwe mwachindunji n'komwe. Zotchinga siziphatikizidwa, chimawerengedwa ndi chachikulu chokha. Manambalawa amaoneka ochepa mpaka munthu atawawerengera: woponya mivi amene amawonjezera 5 pa dayisi yake, akamalasa mdani wa chitetezo cha 15, amafunika 10 kapena kuposa, kutanthauza kuti amalasa maulendo 55 pa 100 alionse, koma mdaniyo akabisa theka la thupi amatsikira pa 45, ndipo akabisa magawo atatu amatsikira pa 30. Ndiye chifukwa chake osewera amalimbana kwambiri pa chigamulo chooneka chaching'ono.

Buku la woyendetsa masewera la 2014 limapereka njira yoyezera pa timabokosi. Wolasa amasankha ngodya imodzi ya kabokosi kake, n'kujambula mizere ya m'maganizo kupita kungodya zinayi za kabokosi ka mdani. Mzere umodzi kapena iwiri ikatchingidwa, mdani wabisa theka; itatu kapena inayi ikatchingidwa koma chida n'kukhalabe ndi podutsa, wabisa magawo atatu. Njirayi ndi yabwino pa ngodya ya nyumba kapena pa chipilala, ndipo imatha mkangano msanga. Koma taiyesani pa msilikali amene ali pansanja akuyang'ana anthu obisala kuseri kwa khoma lotalika mapazi 10. Papepala mizere yonse inayi idutsa pakhomalo, kaya munthuyo watsamira khomalo kaya waima kutali nalo, ndipo idutsa chimodzimodzi kaya nsanjayo ndi ya mapazi 12 kapena 60. Njira yoyezera ikunena chinthu chimodzi pa malo anayi osiyana kotheratu, choncho apa siikuyeza kanthu.

Chimene chimathandiza ndi kuganiza za mthunzi. Khoma limaponya mthunzi wautali dzuwa likakhala m'munsi m'mawa, ndipo mthunziwo umafupika dzuwa likamakwera mpaka kutsala kamzere m'tsinde mwa khoma masana. Diso la wapamwamba limachita zomwezo, ndipo malo amene silikufika kuseri kwa khoma amawerengeka mosavuta: chulukitsani msinkhu wa khoma ndi mtunda wochoka kwa woyang'ana kufika pakhomalo, kenako gawani ndi kusiyana kwa msinkhu wa diso ndi wa khoma. Tinene kuti diso la msilikali wa pansanja lili pa mapazi 30 kuchokera pansi, khoma ndi la mapazi 10, ndipo lili pamtunda wa mapazi 40. Kuchulukitsa 10 ndi 40 kumapereka 400, ndipo kugawa ndi 20 kumapereka mapazi 20, amene ndi timabokosi tinayi kuseri kwa khoma. Komabe timabokosi tinayito si tofanana, chifukwa mzere wa diso ukutsika theka la phazi pa phazi lililonse. Munthu wamtali mapazi 6 akaima pakati pa kabokosi koyamba kapena kachiwiri, mzerewo umadutsa pamwamba pa mutu wake ndipo saoneka konse. Pakati pa kachitatu mzere uli pa mapazi osakwana 4, ndiye kuti chifuwa ndi mutu zili poyera ndipo wabisa theka lokha. Pakati pa kachinayi chobisika ndi akakolo ndi pang'ono pamwamba pake, zimene sizikwanira kupatsidwa kanthu.

Kusintha nambala imodzi kumasonyeza mmene zinthuzi zimayendera. Nsanja ikatalika mpaka diso kufika pa mapazi 50, malo obisika amafupika kufika mapazi 10. Khoma likakhala kutali, pa mapazi 80, ndi nsanja yoyamba ija, malo obisika amatalika kufika mapazi 40. Diso likakhala pamsinkhu wofanana ndi khoma kapena m'munsi mwake, malo obisikawo alibe mapeto, ndipo pokhapo m'pamene njira ya ngodya ija imanena zoona. Palibe amene angalimbikitse kuti masamuwa azichitika nkhondo ili mkati, osewera ena atagwira madayisi akudikira. Phindu lake n'lakuti woyendetsa masewera akawachita kangapo kunyumba pokonza mapu, amayamba kuona ndi maso okha kuti khoma la kutali limabisa malo aakulu kuposa la pafupi, ndiponso kuti kabokosi kogundana ndi khoma lalitali kuposa munthu ndi kotetezeka pafupifupi nthawi zonse.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi, imene imaiwalika kawirikawiri, n'njakuti m'mphepete mwa malo okwera namonso ndi chotchinga, ngakhale palibe khoma lililonse lojambulidwa pamapu. Taganizirani phompho lotalika mapazi 20, ndi woponya mivi amene waima pansi, mapazi 20 kuchokera m'tsinde mwake, diso lake lili pa mapazi 5. Mzere wa diso lake wokhudza mlomo wa phompho ukukwera mapazi 15 pa mapazi 20 alionse. Mdani woima pakati pa kabokosi koyamba pamwambapo wabisika miyendo pafupifupi mapazi 2, pakati pa kachiwiri watsala mutu wokha, ndipo akapitirira mapazi 8 kuchokera kumlomo wasowa. Tsopano woponya miviyo abwerere m'mbuyo mpaka mapazi 60. Mzere uja wagona, ukukwera phazi limodzi pa mapazi 4, ndipo mdani wa m'kabokosi kachiwiri uja waonekera kuyambira m'mawondo, moti kuti asowe ayenera kubwerera mapazi 24. Wosewera watsopano amathamangira kufupi ndi phompho poganiza kuti akuyandikira mdani, pamene wodziwa amabwerera m'mbuyo kuti amuone.

M'zitsanzo ziwirizi muli mfundo imodzi: chotchinga chimatumikira amene ali pafupi nacho. Malamulo a 2003 ndi a Pathfinder yoyamba, ya 2009, analemba mfundoyi momveka bwino kuposa a 2014. Iwo amati chotchinga chachifupi, monga khoma losapitirira theka la msinkhu wa munthu, chimateteza okhawo amene ali mkati mwa mapazi 30 kuchokera pamene chili, ndipo wolasa sachiwerengera ngati iyeyo ali pafupi nacho kuposa amene akumulasa. Wogwada kuseri kwa kakhoma ka pamwamba pa linga amaona bwalo lonse pamene iye akungoonetsa mutu ndi mapewa. Kuonana kwenikweniko kumapita mbali zonse, pakuti ngati mzere ukuchoka padiso langa kufika padiso lanu ndiye kuti ukuchokanso pa lanu kufika pa langa, koma kutchingika sikufanana, ndipo woyendetsa masewera ayenera kukuyeza kawiri, kamodzi kwa aliyense.

Wapamwamba nayenso ali ndi malo ake akhungu, ndipo malowo ali m'munsi mwake mwenimweni. Munthu woima pamwamba ku Livingstonia amaona nyanja ndi gombe patali, koma makona a msewu wa Gorodi amene ali m'munsi mwa phazi lake sawaona pokhapokha atafika kumlomo kwenikweni. Omanga malinga a miyala ku Ulaya ankalidziwa vutoli, n'chifukwa chake ankamanga nsanja zotulukira kunja kwa khoma kuti alonda azitha kulasa motsatira tsinde lake, komanso makonde olendewera okhala ndi maboo pansi oponyerapo miyala. Pa tebulo izi zikutanthauza kuti gulu limene lathamanga n'kukatsamira m'tsinde mwa khoma lapulumuka kwa onse a pamwamba amene sanasuzumire, ndipo wosuzumirayo wataya chotchinga chake kwa aliyense amene watsala kutali ndi uta. Nkhondo ya pa linga imakoma pamene mbali zonse zikudziwa zimenezi.

Apa m'pamene pamabwera funso lakuti kodi wapamwamba apatsidwe nambala yowonjezera pa dayisi yake. Malamulo a 2003 ndi Pathfinder yoyamba amapereka 1 kwa womenya ndi chida cha m'manja ali pamalo okwera, koma sapereka kanthu kwa woponya mivi. Malamulo a 2014 alibe lamulo lotero, amangosiyira woyendetsa masewera ufulu wolola kuponya kawiri pamene waona kuti n'koyenera. Masewera a pakompyuta a Baldur's Gate 3, amene kampani ya Larian inatulutsa mu 2023 pogwiritsa ntchito malamulo omwewo, amawonjezera 2 kwa wolasa ali pamwamba ndi kuchotsa 2 kwa wolasa ali pansi, ndipo amene anayambira kumeneko amabwera patebulo akuyembekezera zomwezo. Maganizo anga ndi akuti kuwonjezerako n'kulipira kawiri ntchito imodzi. Ngati kutchingika kwayezedwa moona, wapamwamba walandira kale zambiri: makoma afupiafupi a adani ake asiya kugwira ntchito, anzake oima patsogolo pake sakumutchinganso, mlomo wa phompho ukumubisa miyendo, ndipo wofuna kumufikira ayenera kukwera, kumene pa phazi lililonse kumadya mapazi awiri a ulendo, umene ndi mtunda womwe munthu amaloledwa kuyenda nthawi yake yosewera ikafika. Mukawonjezerapo kuponya kawiri, nkhondo iliyonse imasanduka mpikisano wothamangira pachitunda, ndipo mapu onse otsalawo amakhala okongoletsera chabe. Kompyuta ili ndi chifukwa chake, popeza masewerawo sanatenge milingo ya theka ndi magawo atatu ija. Patebulo milingoyo ilipo.

Mtunda ndi nkhani ina imene msinkhu umasokoneza, ngakhale kuti iyi ndi yopepuka. Lamulo wamba la 2014 limawerenga kabokosi kopingasa ngati mapazi 5, ndipo mukalitengera kumwamba, mtunda umangokhala nambala yaikulu pakati pa wa pansi ndi wa msinkhu. Lamulo lina losankha, lofanana ndi la 2003, limawerenga timabokosi topingasa mosinthana, 5 kenako 10, ndipo limeneli limafanana ndi kutenga nambala yaikulu n'kuwonjezera theka la yaing'ono. Uta waufupi umalasa bwino mpaka mapazi 80. Mdani akakhala mapazi 70 kutsogolo ndi 50 m'mwamba, njira yoyamba imati ali pa 70, yachiwiri imati 95, pamene masamu a Pythagoras amene tinaphunzira kusekondale amati 86. Njira iliyonse ndi yololeka, bola isankhidwe masewera asanayambe ndipo igwire pa adani ndi osewera mofanana. Pa zida za m'manja, ambiri amatenga munthu ngati wodzaza mapazi 5 kumbali zonse kuphatikizapo m'mwamba, choncho woima pakhoma la mapazi 10 safikirika ndi lupanga kuchokera pansi, koma mkondo wautali wofika mapazi 10 umamufikira.

Matsenga amafuna kusamala kwina, chifukwa mawu a matsenga alionse amanena okha zimene akufuna. Ena, monga Magic Missile ndi Hold Person, amafuna kuti wamatsenga azimuona amene akumulozera, choncho mutu wokha wotuluka pamwamba pa khoma ndi wokwanira, ndipo chifunga chimawalepheretseratu. Ena amaphulika pamalo amene wasankha n'kufalikira, ndipo pa amenewa kutchingika kumayezedwa kuchokera pamene aphulikira, osati pamene wamatsenga waima. Fireball, amene amafika mapazi 150 ndi kutentha zonse za mkati mwa mapazi 20 mozungulira, akhoza kuikidwa m'mwamba pang'ono kuseri kwa khoma, ndipo anthu amene anali otetezeka ku mivi yonse ya pansanja amapezeka kuti khoma lili kumbuyo kwawo, moto uli kutsogolo. Motowo ndi wobulungira ngati mpira, choncho ukaphulika pamwamba pa linga la mapazi 30 sufika kwa oima m'tsinde, chinthu chimene chimaiwalika pamene bwalo lozungulira lajambulidwa papepala n'kukuta onse. Malamulo amanenanso kuti wamatsenga akasankha malo amene sakuwaona, pakati pali chotchinga, kuphulikako kumachitikira mbali yake ya chotchingacho, ndipo wamatsenga woima m'tsinde mwa phompho amene akufuna kuponya moto pamwamba posaoneka akhoza kudziwotcha yekha. Palinso zinthu zochepa zimene zimanyalanyaza kutchingika mwadala, monga matsenga a Sacred Flame ndi luso la woponya mivi lotchedwa Sharpshooter, limene limafafaniza theka ndi magawo atatu koma silithandiza pa wobisika thupi lonse.

Masewera ena anayesa njira zawo. Pathfinder yachiwiri, ya 2019, imajambula mzere umodzi kuchoka pakati pa kabokosi kufika pakati pa kena, ndipo imapereka 1 ngati pakati pali munthu, 2 pa chotchinga wamba ndi 4 pa chachikulu, komanso imalola wosewera kugwiritsa ntchito gawo la nthawi yake kudzipanikiza kuseri kwa chotchinga kuti 2 ikhale 4. Masewera a nkhondo a Warhammer 40,000, m'malamulo ake a 2008, anauza wosewera kuwerama n'kuyang'ana kuchokera pamutu wa kachidole, njira imene imafuna tizidole ndi nyumba zosemedwa pamlingo umodzi, ndipo siingagwire pa zitsekerero za mabotolo. Imene ine ndimaona kuti ndi yoyenera kubwereka ndi ya BattleTech, masewera a 1984 a maloboti ankhondo, amene anagawa msinkhu m'masitepe. Malo alionse pamapu ali ndi nambala ya sitepe, sitepe imodzi ndi mamita 6, loboti loimirira ndi masitepe awiri, ndipo chitunda cha sitepe imodzi chogundana nalo chimalibisa miyendo. Palibe kuyeza ndi rula. Munthu amangoyerekeza manambala.

Kutengera njirayi patebulo la nthano n'kosavuta ndipo sikufuna ndalama. Sitepe imodzi ikhale mapazi 5, munthu woimirira akhale sitepe imodzi, ndipo woyendetsa masewera alembe ndi pensulo nambala ya msinkhu pa chitunda, khoma ndi denga lililonse asanayale mapu. Wouluka kapena wokwera khoma aikiridwe dayisi pambali pa kachidole kake yoonetsa masitepe amene wakwera. Amene akufuna kuti zioneke ndi maso akhoza kusanjikiza zidutswa za katoni, chidutswa chilichonse sitepe imodzi. Pakabuka chikayiko chenicheni, chida chabwino kuposa zonse ndi kapepala ka timabokosi ka m'buku la masamu, pamene woyendetsa amajambula malowo ngati akuwaonera chammbali: nsanja uku, khoma pakati, munthu uko, kenako n'kudutsitsa ulusi kuchoka padiso kukhudza pamwamba pa khoma. Zimatenga kanthawi kochepa, ndipo aliyense amaona yankho ndi maso ake, zimene zimaziziritsa mitima kuposa mawu akuti ine ndagamula.

Nthawi yonenera chigamulo ndi yofunika kuposa kulondola kwake. Wosewera amene wasuntha kachidole kake poganiza kuti wabisala, kenako n'kuuzidwa dayisi itagwa kale kuti anali poyera, amamva kuti waberedwa, ngakhale masamu ataikira kumbuyo woyendetsa. Munthu wa m'nthanoyo ali ndi maso, akuiona nsanjayo, choncho wosewera ali ndi ufulu wodziwa zimene munthu wake akudziwa. N'kokwanira kunena kuti, "Achimwene, mukaima apo mwabisika theka kwa wa pansanja, koma kwa amene ali padenga muli poyera," ndi kumulola asinthe maganizo. Pamene ulusi wagwera pamalire enieni, ndi bwino kukhala ndi chizolowezi chimodzi chodziwika kwa onse, monga kukomera wobisala nthawi zonse, kaya ndi wosewera kaya ndi mdani.

Chimene chimayesa zonsezi ndi woponya mivi wa pamwamba amene amangosuzumira n'kubwerera. Malamulo a 2014 amalola kugawa ulendo, choncho iye amayenda mapazi 10 kufika kumlomo wa phompho, amalasa, n'kubwerera mapazi 10, ndipo nthawi ya adani ake ikafika amakhala wobisika thupi lonse. Akhozanso kudzigwetsa pansi, kumene sikudya ulendo, ndipo wogona amavuta kumulasa kuchokera kutali chifukwa wolasayo amatenga nambala yaing'ono. Kudzukanso kumadya theka la ulendo wake. Oyendetsa masewera ena amaletsa khalidweli poliona ngati chinyengo, koma palibe chifukwa choliletsera, popeza mayankho ake ali m'malamulo momwemo. A pansi akhoza kusunga nthawi yawo n'kunena kuti alasa mutu ukangotuluka, ngakhale kuti potero msilikali wozolowera kulasa kawiri amalasa kamodzi kokha, ndipo wamatsenga amene wasunga matsenga ake amawataya ngati wasokonezedwa asanawatulutse. Akhoza kubwerera m'mbuyo mpaka mzere wa diso utagona mokwanira kuti mapazi 10 aja asamubisenso. Kapena akhoza kuthamangira m'tsinde mmene iye saona, mmodzi n'kukwera. Phompho la mapazi 20 limadya mapazi 40 a ulendo, kuposa 30 amene munthu wamba amayenda, choncho wokwerayo amataya nthawi yake yonse pokwerapo, koma akangofika pamwamba akhoza kumukankha woponya miviyo mapazi 5 pa nthawi yotsatira. Ngati amupeza ali kumlomo, kugwa kumavulaza ndi dayisi imodzi ya mbali 6 pa mapazi 10 alionse, apa ndiye madayisi awiri, ndipo wogwayo amafikira chogona pakati pa anthu omwe ankawalasa aja, amene tsopano, pokhala pafupi naye, akamamumenya ndi zida za m'manja amaponya kawiri n'kutenga nambala yaikulu.